Mundilire Ndidakali Moyo

Ludlow,
Pa 14 Novembala, 2018.

Okondedwa achemwali anga a Glenys,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Trevor, ndipo bondo lanu lija lasiya kukuzunzani. Kwanu ku Dunedin kwayamba kufunda tsopano. Kuno ndiye mvula yosakata, ndipo kunja kukumada tiyi wamadzulo asanazizire m'kapu. Ine ndili bwino, ngati kudzuka ndi kuyendayenda m'nyumba ndiye kukhala bwino.

Ndisanalembe china chilichonse, mvetsani ichi. Pambuyo pa kalata ino pakubwera ina, yolembedwa ndi dzanja la alamu anu a Neville, envulopu yake ya mzere wakuda m'mphepete monse. Mukaiona musakomoke. Palibe amene wamwalira. Yangayi ndaitsogoza dala kuti ifike msanga, ndipo ngati a positi asokoneza n'kukupatsani yakudayo poyamba, ndiye kuti mwalira kale, ndipo ndikupepesa ndi mtima wanga wonse. Ndikufotokozerani zonse. Koma ndiyambe ndi zimene munapempha, pakuti nkhani ziwirizi zili mumtolo umodzi.

Munati amayi a gulu lanu lowerenga mabuku atopa ndi nkhani zopeka, akufuna makalata ndi madayale, aja mabuku olembamo za tsiku ndi tsiku, a anthu a nthawi ya Mfumukazi Victoria, ndipo inu munawalonjeza kale kuti mng'ono wanu amadziwa zonse. Mwakalamba nalo khalidwe lolonjeza ndi pakamwa pa eni. Wodziwa zonse si ine ayi, ndi a Neville, amene zaka zawo zonse za ntchito anathera m'nyumba yosungiramo zolembedwa zakale, mphuno ili papepala. Ine yanga inali kuwerenga mokweza madzulo iwo akutayipa. Komabe zina zinandikanirira m'khutu, ndiye tamverani.

Musayambe ndi makalata a anthu otchuka. Amenewo ankalemba akudziwa kuti tsiku lina dziko lidzawerenga, choncho ankayamba avala jekete asanagwire cholembera. Yambani ndi anthu wamba. M'phukusi limene ndatumiza padera muli timabuku titatu timene a Neville anatayipa okha kalekale. Kachikuto chobiriwirako ndi dayale ya Keziah Gittins, mkazi wa mlimi wa nkhosa kumapiri a ku Clun. Masamba ambiri mupezamo nyengo, batala ndi nkhosa zowola mapazi, ndipo amayi anuwo ayamba kuyasamula. Auzeni apirire. Mukaona kuti mayi wolemba tsiku ndi tsiku wadumpha mwezi wathunthu, n'kudzayambiranso ndi mawu akuti "Mphepo ya kum'mawa, ndachapa," ndipo dzina la mwana mmodzi silikutchulidwanso, tsekani buku mupume kaye. A Neville ankati dayale yotere muzimvetsera pamene yakhala chete.

Kenanso muli makalata a Tabitha Lello, mtsikana wantchito m'nyumba ya anthu olemera, amene ankalembera mayi ake kumudzi. Poopa kuwononga mapepala, ankadzaza tsamba, kenako n'kulitembenuza cham'mbali n'kulembanso mizere yopingasa pamwamba pa yoyambayo. Ndaikamo chithunzi cha tsamba limodzi kuti muone mmene maso amapwetekera. Mizere yoyamba ndi imene mayi ake ankawerengera anansi: ndili bwino, adona ndi achifundo, tchalitchi ndikupita. Yopingasayo, yovuta kuwerengayo, ndi mmene muli njala, zala zong'ambika ndi soda wochapira, ndi kupukwa kwawo. Ndipo chilichonse muziwerenga mokweza, mosinthana. Makalata amenewa sankalembedwa kuti munthu awerenge yekha pakona. Ankawerengedwa pamoto, banja lonse likumvetsera, mwana wamng'ono akufunsa mafunso opusa.

Kabuku kotsalako ndi ka makalata a maliro, ndipo musanawerenge liwu ndi limodzi lomwe, yang'anani m'mphepete mwa pepala. Masiku amenewo munthu akaferedwa ankalemba papepala la mzere wakuda kuzungulira, envulopu chimodzimodzi, n'kumata ndi phula lakuda, kuti wolandira adziwe kalata idakali m'manja mwa wapositi, ayambe wakhala pansi. Maliro akakhala aposachedwa mzerewo unali waukulu ngati chala. Miyezi ikamapita unkachepa pang'onopang'ono mpaka kutsala ngati ulusi. Alamu anu ankangoyang'ana mzere wokha n'kunena pamene wamasiyeyo wafika ndi chisoni chake. Zimenezi akuzidziwabe mpaka lero, ngakhale ine sakundidziwa.

Pafoni ndakhala ndikukuuzani kuti akungoiwalaiwala tinthu, makiyi, magalasi, dzina la mphaka. Ndimanama, achemwali. Ndimaopa kuti mukwera ndege ndi bondo lanulo kudzandilamulira m'nyumba mwanga, komanso ndimaopa kumva mawuwo akutuluka pakamwa panga. Zinayamba chakumapeto kwa nyengo yachisanu, Isitala ili pafupi. Ndinali kukhitchini ndikutakasa phala, iwo analowa atavala bwinobwino, taye ili pakhosi.

"Pepani mayi, mkazi wanga mwamuonako?"

Ndinaseka. "Ndine ndemwe, a Neville. Khalani pansi, phala likuzizira."

"Musandiseweretse, mayi. Hazel ndimamudziwa ine. Wapita ku Shrewsbury pa sitima yam'mawa kukagula nsapato. Wati abwera madzulo."

Kuyambira tsiku limenelo Hazel ali ku Shrewsbury kukagula nsapato. Ine m'nyumba muno ndine "mayi owerenga", munthu amene wina wake anatumiza kuti aziwawerengera makalata akale popeza maso afooka. Amandilemekeza kwambiri. Amandikokera mpando, amandifunsa ngati basi sinandichedwetse. Ndikamawerenga mutu wawo umakhala wakuthwa ngati kale, ndikalakwitsa amandidzudzula. "Bwererani, mayi, pamenepo si Lachiwiri, Keziah sankachapa Lachiwiri." Koma ndikangotseka buku, dzuwa n'kupendeka, ankaima pazenera kuyang'ana msewu wochokera kusiteshoni.

Chimene chinkandipha si kuiwalika ayi. Kuiwalika ndikanapirira. Chinkandipha n'chakuti ankakhulupirira kuti ndinawathawa. "Anandisiya, mayi. Ndinamulakwira chiyani?" Ndiye amayamba kufukula zolakwa zawo zonse, zenizeni ndi zongopeka: kuti sanapite nane kunyanja chaka chijachi, kuti ankakonda akufa a m'mapepala kuposa wamoyo wa m'nyumba, kuti mwina n'chifukwa sitinakhale ndi mwana. Bambo wamkulu wa imvi kulira ngati mwana wosiyidwa pamsika, ine ndili chiimire pambali pawo ndi thireyi ya tiyi.

Ndinayesa zonse. Ndinawaonetsa chithunzi chathu chaukwati. Anachiyang'ana mwachikondi n'kunena kuti, "Uyu ndiye Hazel. Mukumuona kukongola? Inu musakhumudwe, mayi, aliyense ali ndi nthawi yake." Tsiku lina mtima unandikwera, ndinawagwira manja onse awiri n'kukuwa kuti ndine mkazi wanu, ndiyang'aneni. Anandikankha. Anafunsa chifukwa chimene ndavalira juzi ya mkazi wawo, anati aitana apolisi, ndipo tsiku lonse anadzitsekera m'chipinda chamabuku. Fupa lokakamiza limaswa mphika, ndinaleka.

Kenako ndinadziona wochenjera. Ndinati popeza pepala amalikhulupirira kuposa nkhope, ndiwalembere kalata ngati yochokera ku Shrewsbury. Ndinalemba kuti ndili bwino, ndachedwa ndi zina, ndibwera posachedwa. Dzanja langa analizindikira nthawi yomweyo, anapsompsona pepalalo, tsiku limenelo anadya mbale ziwiri. Mawa lake masana, ndili kuseri kuyanika zovala, anatuluka atavala masilipasi, mvula ikugwa, kukandichingamira. Anagwa pamasitepe a mlatho wa pasiteshoni. Anthu anawatola mkono utathyoka, nkhope ili magazi okhaokha, akufunsa aliyense ngati sitima ya ku Shrewsbury yafika.

Adokotala sanazungulire. Anati akatulukanso chonchi, sangapitirize kukhala pakhomo, ayenera kupita kunyumba yosamalira okalamba, ya zitseko zokiya. Ndinapita kukaiona imodzi. Anthu ake ndi abwino, pansi m'poyera, koma wailesi yakanema imabangula kuyambira m'mawa, buku ndi limodzi lomwe sindinalione, ndipo pachitseko chachikulu panali gogo wina atavala chipewa, akugogoda mwaulemu, kudikira kuti wina amutsegulire. M'maganizo ndinaona a Neville pachitseko chimenecho mpaka tsiku lawo lomaliza, akuganiza kuti mkazi wawo anawathawa ndipo anthu awatsekera kuti asakamufune. Ndinabwerera kunyumba. Ndinakiya zitseko zathu, ndinabisa nsapato, koma munthu wa mkono wa pulasitala anayamba kuyesa mawindo.

Mukumukumbukira Doreen Bebb wa khomo loyandikana nafe, uja ankagulitsa nsomba ndi tchipisi, amene munati pakamwa pake pakufunika chivindikiro? Ndi yekhayo amene amalowa muno osagogoda. Tsiku lina anandipeza nditakhala pamasitepe a kukhitchini.

"Iwe Hazel, wadziona pagalasi? Ukuoneka ngati nkhuku yonyowa. Mkuluyu akusaka mkazi wothawa, iwenso ukutha ngati sopo. Bola ukanangofa, bwenzi atakhala pansi n'kulira ngati anzake, ife n'kudya masangweji pamaliro."

"Pakamwa pakopo, Doreen."

"Ndikunama? Wakufa sachingamiridwa kusiteshoni. Funsa ine, wanga uja chimwalirireni sindinamuyang'anepo pazenera. Ngakhale ali moyo sindinkamuyang'ana, koma imeneyo ndi nkhani ina."

Ndinamuthamangitsa ndi nsalu yopukutira mbale, koma mawu ake anatsala m'nyumba. Madzulo a tsiku lomwelo ndinkawerenga Keziah, pamene mchimwene wake anapita ku America n'kungoti zii, chaka ndi chaka osalemba. Tsamba lililonse limatha ndi mawu omwewo: "Wapositi wadutsa." A Neville anakweza dzanja labwinolo kuti ndiime.

"Mukuona, mayi, kuipa kwa kalata yosabwera? Yakuda bola. Yakuda imakukhazika pansi, umadziwa chovala, umadziwa chochita. Yosabwera imakuimika pazenera mpaka miyendo kuuma."

Atatero anadzuka kupita pazenera.

M'kabati yawo muli bokosi la mapepala a maliro osalembapo, enieni akalekale, amene anagula pamene katundu wa mayi wina wamasiye ankagulitsidwa. Muli maenvulopu ake ndi kamtengo ka phula lakuda. Ankalisamala ngati dzira. M'mawa mwake ndinatengamo pepala la mzere waukulu koposa onse n'kupita nalo kwa Doreen.

"Wapenga? Ine ndimangobwebweta!" anatero Doreen nditamuuza chimene ndinkafuna.

"Lemba. Dzanja langa alizindikira. Nkhope yokha ndi imene sakuidziwa."

"Dzanja langa ndi la nkhuku yopalasa, ukudziwa iwe."

"Ndiye labwinolo. Ukhala mayi wa nyumba ya alendo ku Shrewsbury. Amenewo sankapita patali ndi sukulu."

"Taona chipongwe, pakhomo panga pomwe." Anavala magalasi, anapukuta tebulo ndi chigongono. "Chabwino. Ndiye ufe ndi chiyani? Sankha wekha, imfa ndi yako."

"Chibayo. Ndinadwala mwadzidzidzi. Sindinavutike."

"Nsapato zija unagula?"

"Ndinagula. Zofiirira."

"Mawu omaliza?"

"Lemba kuti ndinkangofunsa nthawi ya sitima yobwerera kwathu."

Pamenepo Doreen anasiya nthabwala. Analemba lilime lili panja ngati mwana wa sukulu, ndipo pomaliza anatembenuka kukamina m'nsalu ya mbale, n'kunena kuti ndi anyezi, ngakhale m'khitchinimo munalibe anyezi. Tinamata ndi phula lakuda, tinaika sitampa, ndinakaponya ndekha.

Inafika m'mawa, tikumwa tiyi. A Neville ndi amene anakaitola pansi pa chitseko. Ndinamva mapazi ataima, nthawi yaitali. Kenako anadutsa osandiyang'ana, anakasamba m'manja monga ankachitira asanagwire pepala lakale, anakhala pampando wawo, n'kutenga kampeni kotsegulira makalata. Ndi mkono umodzi zinakanika.

"Mundigwirire, mayi."

Ndinagwira envulopuyo, achemwali, iwo akudula. Sanalole kuti ndiwawerengere. Anatenga galasi lawo lokuzira zilembo n'kuwerenga okha, milomo ikuyenda. Atafika kumapeto anabwereza mzere womaliza, kenako anandiyang'ana nkhope itawala ngati munthu amene walandira mphatso.

"Ankabwera. Mwamva, mayi? Ankabwera kunyumba. Sanandithawe."

Kenako analira. Sindinamvepo munthu akulira chonchija, ndipo sindikufuna kudzamvanso. Ndinawagwira paphewa monga mlendo amagwirira woferedwa, mopepuka, pamene thupi langa lonse linkafuna kuwakumbatira. Atatonthola anapukuta magalasi n'kuyamba kulamula, mawu ali phee, ngati munthu wodziwa ntchito yake. Makatani atsekedwe. Wotchi ya pakhoma iimitsidwe. Galasi la m'khonde liphimbidwe. Pamkono wa juzi yawo pasokedwe kansalu kakuda. Zonsezi ndinachita ndi manja anga, ndipo posoka kansaluko ndinadzibaya chala kangapo chifukwa sindinkaona bwino.

Ndinkaopa kuti m'mawa uliwonse aziiwala n'kulira mwatsopano. Sizinatero. Akadzuka amafunsa kuti, "Hazel ali kuti?" kenako dzanja limagwera pa kansalu kaja, maso amapita pashelefu ya pamwamba pa moto pamene kalatayo yaimikidwa, n'kuusa moyo. "Eya," amatero, ngati munthu amene wapeza chinthu pamene anachisiya. Zenera analisiya. Chitseko sachikhudza. Akudya, akugona, pulasitala anachotsa. Adokotala akondwa kwambiri, akuti mankhwala atsopano amene anawapatsa agwira ntchito, ine ndinangovomera. Doreen amabwera ndi chitumbuwa cha nyama n'kunena kuti, "Cha a wamasiye ichi, iwe malemu usakhudze." Tsiku lina ndinaseka mpaka kudzatulukira m'kulira.

Tsopano tikamaliza kuwerenga amandisimbira za mkazi wawo. Ndamva zambiri za ine. Akuti phala ndinkapsereza masiku onse, iwo ankangodya poopa nkhondo. Akuti kutchalitchi ndinkaimba mokweza kuposa luso langa. Akuti, "Inu mayi mumawerenga bwino kumuposa. Iye akafika posangalatsa ankathamanga ngati akuthawa galu. Koma musandiipire mtima, mawu anu alibe mchere ngati ake." Ndipo tsiku lina anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Makalata ambiri aja ndinkatha kuwawerenga ndekha. Ndinkanamizira maso, kuti ndizimva mawu ake m'nyumba. Sindinamuuze. Ndinkati ndidzamuuza." Zaka zonsezi ndagona pambali pa bambo ameneyu, achemwali, ndipo mawu otere ndawamva nditafa.

Mukanakhala pano bwenzi mukuti, ndiye ukudandaula chiyani, si zimene unkafuna? Ndi zomwezo. Ali pakhomo, ali pamtendere, sakupita kunyumba ya zitseko zokiya. Koma mverani za Lamulungu lapitali.

Anali masana, ndili kukhitchini ndikusenda maapozi, ndikung'ung'udza kanyimbo kaja amayi athu ankaimba pochapa. Sindinamve akulowa.

"Hazel?"

Si mawu aulemu aja a mayi owerenga. Anali mawu awo enieni, aulesi pang'ono, a munthu woitana mkazi wake.

"Hazel, wameta liti tsitsi? Silikukukhala."

Mpeni unagwa pansi. Ndinatembenuka, ndipo m'maso mwawo munali a Neville, athunthu, akundiyang'ana ine. Miyezi yonseyi ndapempherera kamphindi kameneka. Anatambasula dzanja kuti andigwire tsitsilo, ndipo potero anaona kansalu kakuda pamkono pawo. Anakayang'ana. Anasuzumira pakhomo la chipinda chochezera, pashelefu paja. Anandiyang'ananso ine, maso akufunsa. Ankadikira kuti ine ndinene.

Liwu linali pakamwa, limodzi lokha: ndine. Akanakhulupirira, ndikudziwa. Tikanakhala ndi madzulo amodzi, mwina ola limodzi. Koma mtambo wa kuiwala umabwerera, achemwali, sunalepherepo. Ndipo ukabwerera, nkhope yanga ikanachoka, n'kutsala chinthu chimodzi chokha m'mutu mwawo: Hazel ali moyo kwinakwake, kalata yakuda inanama. Ndinaona masitepe a pasiteshoni. Ndinaona gogo wa chipewa uja akugogoda.

"Ndine mayi owerenga aja, bambo," ndinatero.

Anaima pang'ono. Kenako ndinaona kuwala kuja kukuzima, ulemu n'kubwerera pankhope.

"Pepani kwambiri, mayi. Mukatembenuka chonchi mumafanana naye."

"Palibe kanthu, bambo. Ambiri amatero."

Anatola mpeni uja n'kundipatsa, chogwirira chili kwa ine, n'kubwerera kumpando wawo. Ndinamaliza kusenda maapoziwo, ndinaphika, tinadya. Madzi akatayika saoleka. Chitseko chimene ndinkagogoda miyezi yonseyi chinatseguka, ndipo amene anachitseka ndine. Sindikudziwa ngati chidzatsegukanso, ndipo choopsa n'chakuti chikadzatseguka ndidzachitanso zomwezo. Sindikupempha kuti mundiuze ngati ndinachita bwino kapena ayi. Ndadzifunsa mokwanira, yankho palibe, ndipo ndatopa mpaka m'mafupa.

Tsopano pempho langa. Sabata yatha a Neville anadzidzimuka kuti abale sanauzidwe. Mwambo sulola. Anthu onse anawaiwala, koma inu anakukumbukirani. "Ali ndi mkulu wake kutsidya kwa nyanja, wolongolola uja." Anakhala patebulo tsiku lonse kulemba ndi dzanja lochira kumenelo, anakana thandizo, ndipo ndi kalata imene ikubwerayo. Sindinaiwerenge. Anamata okha, ine ndaisunga kaye kuti yangayi itsogole. Mukaiwerenga musandiuze zili m'menemo, kapena mundiuze tikadzakalamba zenizeni.

Vuto n'lakuti kalata ya maliro imayankhidwa. Amadziwa kuti kwanu n'kutali, m'mutu mwawo makalata amayendabe pa sitima yapamadzi, choncho apirira pang'ono. Koma dzulo wapositi atadutsa ndinawapeza ataimanso pazenera, ndipo anafunsa kumene kuli nsapato zawo. Anati mwina kalata yanu yagonera ku positi ofesi, akaifunse okha. Munthu ameneyu sayenera kudikiranso kanthu, achemwali. Maliro n'kulirana. Ndikukupemphani mundilire, ndipo muchite msanga.

M'kalata muno ndapindiramo pepala limodzi ndi envulopu yake. Mzere wake ndi wocheperako pang'ono kuposa wawo, woyenera mchemwali wa malemu. Musalembe papepala lina, adzayeza ndi diso. Lembani ndi inki, osati bolopeni. Ngati simukudziwa poyambira, tsegulani kabuku ka makalata a maliro kaja, ngakhale phukusi likachedwa musalidikire. Anthu aja ankayamba ndi kunena pamene anali ndi chimene ankachita kalata yakuda itafika. Kenako ankatchula kanthu kamodzi kakang'ono ka malemu, osati ulaliki. Kenako ankauza woferedwa kuti anamusamala bwino. Mbali imeneyi musaidumphe. Muwauze kuti anali mwamuna wabwino, kuti ndinkakulemberani zimenezo kawirikawiri, kuti za kunyanja zija sindinasunge kukhosi, ndipo za mwana sindinawaimbepo mlandu ngakhale tsiku limodzi. Zonsezi n'zoona, simukhala mukunama.

Musanditamande mopitirira. Akhala moyo wawo wonse akuwerenga makalata opepesa, amadziwa kusiyanitsa misozi ndi madzi. Nenani kuti ndinali waliuma, nenani za njinga yanu imene ndinaigwetsera mumtsinje n'kukana mpaka lero. Inde, ndinali ine. Ndipo foni musaimbe masana. Akaiyankha iwo, inu n'kunena kuti "Hazel alipo?" monga mwa chizolowezi chanu, ntchito yonse yagwa. Ndiziimba ndine, ndili kwa Doreen.

Chinanso, lembani ziganizo zifupizifupi, ndipo zilembo zikhale zazikulu. Maso awo masiku ano afookadi, galasi lija silikuthandizanso. Adzatsegula okha, koma wowerenga mokweza ndidzakhala ine, ndipo sindikudziwa ngati mpweya udzandikwana.

Amayi a gulu lanu muwapatse moni. Muwauze ayambe ndi Keziah, asathamange, ndipo za ine musawauze. Moni kwa alamu anga a Trevor, kwa mwana wanu Bronwen ndi ana ake, makamaka kamtsikana kaja munati kali ndi chibwano changa, kosauka. Doreen akuti moni, akutinso mumutumizire uchi wa kwanuko, popeza ntchito yolemba imfa sanalipidwe. Alamu anu sakupereka moni, ali pamaliro. Ndikumva akusuntha mpando, nthawi yowerenga yakwana, ndipo mayi owerenga sachedwa.

M'nyumba muno dzina langa limatchulidwa tsiku lililonse, koma palibe amene amaliitana. Mukafika pansi apa, achemwali, mulitchule mokweza kamodzi, monga munkachitira pondiitana kuti ndilowe kunja kukada.

Ndine mng'ono wanu wokukondani, amene adakali moyo,

Hazel